Mikanda ya mapepala: luso loyamba ndi kalendala yakale

(Chithunzi: dzanja la mayi litanyamula mkanda wofiira wosakanikirana ndi wachikasu)

Moni nonse, makamaka inu amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a CWO. Taonani mkanda uli m'dzanja langawu. Ukuwala ngati wa m'sitolo, komatu sabata yathayi unali kalendala yakale yopachikidwa kukhoma.

Lusoli lidatchuka kwambiri ku Uganda. Amayi amene adathawa nkhondo ya zigawenga za LRA kumpoto kwa dzikolo adakakhala ku Acholi Quarter mumzinda wa Kampala, komwe ambiri ankadya za kuphwanya miyala. Ena mwa iwo ankapota mikanda ya mapepala, ndipo mu 2004 bungwe la BeadForLife lidayamba kuwapezera msika ku America. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti adayamba opanda mpamba weniweni, ngati mmene alili amayi ambiri m'mipingo mwathumu.

(Chithunzi: tebulo lili ndi zipangizo)

Zofunika ndi izi: kalendala kapena magazini ya mapepala osalala, rula, sizasi, guluu woyera wa matabwa, vanishi, ulusi wa nayiloni wonga wowedzera nsomba, ndi sipoko ya njinga. Za ndolo mudzagulanso tizitsulo tokolowekera kukhutu.

Dulani pepala likhale lalitali, lotambalala mbali imodzi, losongoka mbali inayo ngati mchira wa mbewa. Kotambalalako masentimita 2, kutalika kwake 25 kapena 30. Yambirani kotambalala, mukulunge pa sipoko molimbitsa, chala chikuwongolera kuti nsonga izigwera pakatikati. Nsongayo ikapatukira kumbali, mkanda umatuluka wopendekeka. Pakani guluu pang'ono kumapeto, gwirani kanthawi, kenako vulani.

Dekhani pa vanishi, chifukwa ambiri amaonongera pamenepa. Tungani mikanda pa ulusi, muiviike, muiyanike pamthunzi pomwe sipafika fumbi. Isanaumiretu, isuntheni umodziumodzi kuti isamatirirane. Ikauma mubwerezenso, kawiri kapena katatu. Mkanda wopakidwa kamodzi ukakumana ndi thukuta la mu Okutobala umafewa, ndipo amene adagulayo sabweranso.

(Chithunzi: amayi atakhala pamphasa kuseri kwa tchalitchi)

Kwa inu aphunzitsi, musathamangire kuonetsa zonse tsiku limodzi. Tsiku loyamba likhale la kudula ndi kukulunga basi, ndipo mikanda yoyambayo isagulitsidwe. Agogo amene maso adayamba kuchita chidima musawasiye pambali. Iwo angathe kusankha mitundu ndi kuyanika, atsikana n'kumatunga. Tizidutswa ta chitenje totsala kwa telala natonso timakutira bwino zibangili ndi ndolo.

Tsono nkhani yaikulu ndi msika. Kupota mkanda munthu amadziwa m'masabata ochepa, koma magulu ambiri amafera pogulitsa. Amayi 20 akamangogulitsana okhaokha pakhomo pa tchalitchi, mwezi sutha aliyense ali kale ndi wake. Tulukani. Pitani kwa okonza maukwati ndi zinkhoswe, amene amafuna ndolo zofanana za aperekezi onse. Yesani malo ofikira alendo kunyanja, monga ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Jambulani katundu wanu masana pansalu yoyera, muike pa WhatsApp, achibale a ku Joni aone. Amayi achikatolika muli ndi mwayi wina, korona. Ili ndi mikanda 59, ndipo imafunika pa ubatizo, pa ukaristia woyamba, ngakhalenso mu Meyi ndi mu Okutobala. Dziwaninso kuti mipingo ina salola kuvala ndolo ndi mikanda, choncho kumeneko pitani ndi timikanda tomangirira makiyi kapena toikira chizindikiro m'Baibulo.

Pa mtengo ndikupemphani ndi mtima wonse, werengerani nthawi yanu. Ambiri timawerenga guluu, vanishi ndi thiransipoti, n'kuiwala maola amene takhala chiweramire msana ukuwawa. Lembani zonse m'kope. Ndipo chenjerani ndi ngongole ya pachibale, ija ya "ndikupatsani mwezi ukatha, amayi a kwathu". Mukaona kuti kukana n'kovuta, gwirizanani pagulu kuti katundu satuluka popanda ndalama, kuti pasapezeke mayi mmodzi wooneka wouma mtima. Phindu likabwera, patulani kaye ya zipangizo, ina ipite ku banki m'khonde, yotsalayo ndiyo ya sopo, ndiwo ndi fizi ya ana.

(Chithunzi: mikanda itayanikidwa pa ulusi)

Mukamakumana sabata ikubwerayi, aliyense atenge kalendala yakale ndi sipoko imodzi. Mu vidiyo yotsatira tidzatunga mkanda wa m'khosi, ndipo ndidzakuonetsani mfundo yomwe simasuka pa ulusi wa nayiloni.