Kukula kwa banki si chitetezo

Zikomo amayi ndi abambo. Mlungu wathawu ambiri mitima inali m'mwamba makina a banki ina atazima masiku awiri, ndalama osatuluka. Ndiye ndamva ena akuti tithawire kubanki yaikulu, kumeneko zotere kulibe. Ndimvereni bwino: kukula kwa banki si chitetezo.

Banki siluza chifukwa cha angongole osabweza okha ayi. Imaluzanso ndi zolakwika za m'kati: wantchito kuba, kompyuta kufa, kalaliki kulemba nambala yolakwika, mbava za pa intaneti kulowerera. Nchifukwa chake malamulo oyendetsera mabanki m'maiko ambiri, otchedwa Basel II, a mu 2004 anati mabanki azipatula ndalama zoyembekezera mavuto amenewa.

Pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya. Banki yaikulu ili ndi nthambi zambirimbiri, antchito zikwizikwi, makompyuta akale olumikizidwa ku atsopano, ndipo bwana ali kulikulu sangaone zonse. Mu 2008 ku France, wantchito mmodzi, Jérôme Kerviel, anataitsa banki ya Société Générale mayuro 4.9 biliyoni. Munthu mmodzi! Kukula si chitetezo.

(Bambo wina kumbuyoko: "Nanga bankiyo inagwa?")

Mwafunsa bwino, bambo. Sinagwe, chifukwa thumba lake linali lakuya. Koma tamverani za Barings ya ku London, banki yoyambira mu 1762, yocheperako. Nick Leeson, wantchito wake ku Singapore, ankachita malonda a bankiyo yekha, mabuku nkumalembanso yekha, popanda womuyang'ana. Zotayika ankazibisa mu akaunti ya nambala 88888. Pofika 1995 zinakwana mapaundi 827 miliyoni, kuposa chuma chimene bankiyo inali nacho, ndipo banki ya ING ya ku Netherlands inaigula ndi paundi imodzi yokha. Mukuona? Yaikulu imamenyedwa kawirikawiri koma imadzuka. Yocheperayo nkhonya imodzi ikhoza kuigwetsa, makamaka munthu mmodzi akagwira ntchito za anthu awiri. Choncho musathamangire yaing'ononso.

Komanso inuyo, ena nambala yachinsinsi munailemba kuseri kwa khadi. Ena lisiti mumalitaya pakhomo pomwepo. Zimenezi zimandiwawa mtima, tisiye.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana nthawi, ndifulumire. Ndalama zonse musaike pamodzi. Sungani malisiti, yang'anani sitetimenti mwezi uliwonse. Chachilendo chikaoneka, kadandauleni tsiku lomwelo, molemba. Funsani ngati ndalama zanu zili pa inshuwalansi, komanso mpaka zingati.