Tsiku lachitatu mpopi uli gwa, bwana andidula malipiro

Matchona anzanga, kulikonse kumene mukundimvera, moni. Lero ndikujambula usiku chifukwa tulo sitikubwera. Ndangochoka kumene pamzere wa galimoto yamadzi, zigubu ziwiri m'manja, msana ukuwawa. Tsiku lachitatu ili mpopi uli gwa kuno ku Joni.

Mzerewo ndapirira. Chandipweteka ndi bwana. Paja mukudziwa kuti ndimatsuka magalimoto. Lero poweruka andipatsa ndalama yoperewera, ati madzi kunalibe ndiye ntchitonso kunalibe. Chonsecho masiku atatu onsewa 7 koloko imandipeza pageti. Ndasesa, ndapukuta mipando, ndakwecha matayala ndi kansanza kouma. Iwo kunyumba kwawo ali ndi chitsime chawochawo, sola padenga, kapinga wobiriwira. Ine wa kachipinda ka lendi ndiye ndilipire mpopi wouma? Ife Amalawi amatikonda ati ndife olimbikira, koma kulimbikira si uchitsiru ayi.

Tamverani abale, chifukwa ambiri timangodandaula osadziwa kumene madziwa amachokera. Mzinda uno anaumanga pamtunda potsata golide, mtsinje waukulu uli kutali. Madzi amachokera ku damu la Vaal, ena amatsika kumapiri a ku Lesotho, ndipo mapampu ndiwo amawakankha kukwera chitunda chonsechi. Magetsi akazima mapampu amaima, mathanki n'kuphwa. Magetsiwo ambiri amachokera ku malasha a ku Mpumalanga, ndipo makina otentha malashawo amamwanso madzi ochuluka kuti asapse. Utsi wake ndi womwewo ukutenthetsa dziko, mvula n'kumabwera mosokonekera. Anthu tikuchuluka, aliyense akufuna firiji, akufuna kutchaja foni, malasha akuyakabe.

Amene munali ku Cape Town mu 2018 mukukumbuka: malita 50 pa munthu patsiku. Kusamba, kuchapa, kuphika, chimbudzi, zonse mommo. Mnzanga wina ankasambira m'beseni kuti madzi omwewo akathire kuchimbudzi. Anzathu a ku Zambia nawo mu 2024 anagona mumdima maola ambirimbiri tsiku lililonse chifukwa madzi a m'damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika ndi chilala.

Kwathu nkhani ndi yomweyi, kungoti inabwera ndi madzi ochuluka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lonse magetsi n'kumangozimazima. Chaka chotsatira Freddy anakokolola anthu ndi nyumba ku Blantyre ndi ku Mulanje. Nthawi imeneyo amayi ankandiimbira kamodzi pa sabata, foni atakatchajitsa kutali. Ndawasowa mayi anga, abale. Pamzere paja ndinawakumbuka akusenza ndowa pamutu, osataya ngakhale dontho.

Ndibwerere kwa bwana uja. Ndayankhula ndi anzanga awiri, wina wa ku Zimbabwe, wina wa ku Mozambique, nawonso awadula chimodzimodzi. Mawa tikalowa mu ofesi mwawo tonse atatu, masiku athu tawalemba pa pepala.