Makalata a Omvera: Kupalasa Njinga Posonkhera Kafukufuku wa Matenda Ogwira Anthu Ochepa

Takulandirani omvera athu nonse, pamodzi ndi inu amene mukutimvera pa intaneti muli kunja. Makalata a sabata ino akuzungulira pa nkhani ya maulendo a njinga amene anthu amapalasa kuti asonkhe ndalama zofufuzira matenda ogwira anthu ochepa.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina ku Lilongwe. Akuti: "Awulutsi, malungo akutitha chonchi, munthu n'kutayiranji thukuta pa matenda ogwira anthu owerengeka?"

Bambo, funso lanu n'lomveka. Ku Ulaya nthenda imatchedwa yosowa ikamagwira munthu wosapitirira mmodzi pa anthu 2,000. Ku America amati ikhale ndi odwala osafika 200,000, malinga ndi lamulo lawo la mu 1983. Koma nthenda zoterezi zilipo zoposa 6,000, ndipo mukawaphatikiza odwala onse pa dziko lapansi amafika pafupifupi 300 miliyoni. Zambiri n'zakumtundu ndipo zimayamba munthu ali mwana. Vuto lake n'lakuti makampani opanga mankhwala saona phindu pa odwala ochepa, choncho kafukufuku woyambirira amadalira ndalama zosonkha. Taonani cystic fibrosis, nthenda imene imadzaza mapapo ndi makhololo okhuthala. Gwero lake linapezeka mu 1989. Bungwe la Cystic Fibrosis Foundation linaika ndalama zosonkhedwa ndi mabanja pa ntchito yofufuza mankhwala, ndipo mankhwala a Kalydeco anavomerezedwa mu 2012, a Trikafta mu 2019. Mtengo wake ndi wosayamba, n'zoona, ndipo ambiri kuno sangaufike, koma mankhwalawo alipo tsopano. Komanso musaiwale kuti nthenda ya magazi ya siko selo ku America ili m'gulu la nthenda zosowa, pamene kuno kwathu m'zipatala za ana si yachilendo.

Yachiwiri yachokera kwa mayi wina ku Wynberg, mu mzinda wa Cape Town. Akufunsa kuti: "Munthu akalembetsa Cape Town Cycle Tour ya m'mwezi wa Malichi, kodi ndalama yolembetsera ija ndiyo imapita ku kafukufuku?"

Ayi mayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ndalama yolembetsera imapita kwa okonza mpikisano, amene phindu lake amaligawa ku Pedal Power Association ndi Rotary Club ya ku Claremont. Ya kafukufuku mumasonkha panokha. Choyamba sankhani bungwe, mufunse nambala yake ya kalembera wa boma, mufunsenso mosabisa mawu ngati ndalamayo ikupita ku kafukufuku kapena kukathandiza odwala pa mayendedwe ndi mankhwala. Zonsezi n'zabwino, koma n'zosiyana, ndipo opereka ayenera kuuzidwa zoona. Kenako tsegulani tsamba losonkhera pa GivenGain kapena BackaBuddy, kuti ndalama zizilowa ku bungwelo molunjika. Musalandire ndalama ku akaunti yanu. Ngakhale muli wokhulupirika, tsiku lina wina adzafunsa za marandi ake 200 ndipo mudzasowa pogwira. Ku South Africa wopereka angapemphe satifiketi ya Section 18A yochepetsera msonkho, ngati bungwelo n'lovomerezeka kuipereka. Inu a ku Britain, kumbutsani opereka amene amakhoma msonkho kuti avomereze Gift Aid, chifukwa pa paundi iliyonse boma limawonjezera mapeni 25.

Chitsanzo cholongosoka ndi Million Dollar Bike Ride ya ku Philadelphia, imene Orphan Disease Center ya ku University of Pennsylvania yakhala ikuchititsa kuyambira mu 2014. Kumeneko gulu lililonse limapalasira nthenda imodzi, ndipo ndalama zake zimaperekedwa kwa ofufuza nthenda yomweyo akatswiri ena ataunika mapempho awo. Si ndalama zopangira mankhwala mpaka kumapeto. N'zoyambira, kuti wofufuza apeze umboni woti akapemphere thumba lalikulu.

Tsopano kalata ya amisiri okonza njinga ku Salt River, mu mzinda wa Cape Town. Iyi ndiwerenga yonse.

"Awulutsi, uzani opalasa kuti njinga ikonzedwe kutatsala milungu iwiri, osati mawa lake kuli ulendo. Waya watsopano wa magiya amatamuka masiku oyamba, ndiye magiya amayamba kudumpha. Tcheni chiyezedwe ndi kachitsulo koyezera. Chikatamuka kufika pa 0.75 peresenti chisinthidwe, apo ayi chimadya mano a magiya akumbuyo n'kumalumpha munthu akaponda mwamphamvu pachitunda. Mabuleki aonedwe ngati timizere ta pa labala tikuonekabe. Tayala la mamilimita 28 lipopedwe pakati pa mabaa 5 ndi 6 (baa ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala) malinga ndi kulemera kwa munthu. Njinga ya matayala akuluakulu, mabaa 2.5 mpaka 3 pa tala. Mpweya ukachepa, chubu chimapanika pakati pa limu ndi msewu mukagunda dzenje, ndipo mumapeza tibowo tiwiri toyandikana ngati poluma njoka. Tengani machubu awiri, zokanulira tayala ziwiri, pampu, zigamba ndi guluu, timasipanala ta alenikii ndi kolumikizira tcheni koyenerana ndi magiya anu. Onani kuti pampu ikugwirizana ndi vavu, chifukwa mavavu a Presta ndi a Schrader n'ngosiyana kamwa. Tayala likaphwa, musanaike chubu china yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala. Munga kapena kagalasi kakatsalamo, chubu chatsopano chiboola pasanathe kilomita imodzi."

Zikomo amisiri. Ine ndingowonjezera za chishalo. Khalani pa njinga, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke osapendeka chiuno. Chishalo chikatsika kwambiri bondo limapweteka kutsogolo, chikakwera kwambiri limapweteka kumbuyo. Chisoti ndi lamulo pa maulendo amenewa, ndipo lamba wake atsale malo a zala ziwiri zokha pansi pa chibwano.

Yomaliza yachokera kwa mphunzitsi wa masewera ku Johannesburg, amene akuyankhiratu za kukonzekera makilomita 109 a Cape Town Cycle Tour.

"Wongoyamba kumene apatule milungu 12. Azipalasa katatu pa mlungu: kawiri kwa ola limodzi, kamodzi ulendo wautali kumapeto kwa mlungu. Wautaliwo ayambe ndi makilomita 25 mpaka 30, aziwonjezera 5 kapena 8 mlungu uliwonse, ndipo mlungu wachinayi uliwonse achepetse kuti thupi libwerere. Akakwanitsa 80 kutatsala milungu iwiri, wakonzeka. Mlungu womaliza apalase pang'ono chabe. Panjira azimwa botolo la mamililita 500 mpaka 750 pa ola, botolo lina likhale la madzi osakaniza timchere, poti thukuta limachotsa mchere m'thupi. Azidya magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola. Nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25. Ayambe kudya mphindi 45 zoyambirira zisanathe. Wodikira njala amapezeka miyendo yazizira mwadzidzidzi, mutu ukuzungulira, chifukwa shuga wosungidwa m'minofu amatha pakadutsa ola ndi theka kapena maola awiri akupalasa mwamphamvu."

Aphunzitsi anena zoona, ndipo njira ya ku Cape Town imalanga wothamangira poyamba. Zitunda zowawa zili kumapeto: Chapman's Peak, kenako mukadutsa Hout Bay mukumana ndi Suikerbossie miyendo itatopa kale. Choncho makilomita 50 oyambirira palasani pa liwiro loti mukhoza kuyankhula ndi mnzanu. Pachitunda tsitsani giya musanayambe kulemedwa, miyendo izizungulira mopepuka. Kusintha giya mutaponda ndi mphamvu zonse ndiko kumadula tcheni. Mphepo ya kumwera chakum'mawa nayo si yamasewera, mu 2017 mpikisano wonse unalephereka chifukwa inkagwetsa anthu poyambira pomwe. Ikamawomba khalani kumbuyo kwa gulu, koma tayala lanu lakutsogolo lisalowe pambali pa tayala lakumbuyo la mnzanu, chifukwa iye akakhota pang'ono wogwa ndinu.

Ndipo mayi a ku Wynberg, ndibwererenso kwa inu pang'ono. Tsamba losonkhera litsegulidwe tsiku lomwe mwayamba kukonzekera, mulembepo dzina la nthendayo, bungwe lolandira, ndi ndalama imene mukufuna kufikira. Tsiku lomaliza la Febuluwale ndi tsiku lokumbukira matenda osowa pa dziko lonse kuyambira mu 2008, ndipo limagwa kutatsala masiku ochepa kuti mupalase, choncho pemphaninso tsiku limenelo. Tsambalo musalitseke mukangomaliza ulendo, lisiyeni milungu ina iwiri kapena itatu, chifukwa alipo amene amapereka ataona chithunzi chanu muli pomalizira. Bungwe likatsimikiza ndalama imene lalandira, tumizani chiwerengerocho kwa aliyense amene anaponyapo kangachepe.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Makalata otsala tidzawerenga sabata yamawa.