Makalata a Omvera: Unyolo, Ntchito ndi Chinsinsi cha Wodwala Maganizo

Mwaswera bwanji omvera athu kulikonse kumene muli. Chikambire za matenda a maganizo sabata yatha, makalata abwera ambiri ndithu. Lero ndiwerenga atatu, ndipo maina sinditchula monga munapemphera.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Dedza:

"Achimwene, mlongo wanga anayamba kudwala mutu nthawi yokolola. Sagona, amalankhula yekha, ndipo tsiku lina anaswa mitsuko yonse n'kuthamangitsa ana ndi mpini wa khasu. Amalume anaitana amuna anayi, anamumanga unyolo pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba n'kukhoma loko. Uno ndi mwezi wachinayi. Nsima ndimakampatsa ndine. Pamene pamadutsa unyolo pali bala, ntchentche sizichokapo. Masiku ena amakhala bwinobwino, amandifunsa kuti, 'Alongo, ndinalakwa chiyani?' Amalume akuti mwinimbumba ndi iwo, ndipo tikammasula n'kuvulaza munthu mlandu udzagwera ife. Ine ndingatani?"

Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri. Mantha a amalume ndikuwamvetsa, pakhomo pali ana. Koma zimene zikuchitika pansi pa mangopo ndi nkhanza, ndipo malamulo a dziko lino sazilola. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko, aja tinalandira mu 1994, imati ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa, ndipo munthu asazunzidwe kapena kuchitidwa zomunyazitsa. Palibe pamene imati "kupatula wodwala mutu". Umwinimbumba ndi udindo wolera mbumba, sapereka mphamvu yotsekera mphwake ndi loko.

Chinanso, unyolo suchiza. Kusagona, kumva mawu amene ena sakumva, kupsa mtima kodzidzimutsa, zonsezi nthawi zambiri zimatsika munthu akalandira mankhwala oyenera, ndipo m'zipatala za boma mankhwalawo ndi aulere. Miyezi inayi ija akanakhala akumwa mankhwala, mwina bwenzi pano akukuthandizani kumunda.

Musayambe ndi kukangana ndi amalume muli nokha. Mawa lomwe pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, mukafotokoze zonse, za balalo musasiye, chifukwa bala la chitsulo likhoza kubweretsa kafumbata. Pemphani kuti akulumikizeni ndi namwino woona za matenda a maganizo kuchipatala cha boma lanu. Iwowo ndiwo adzaone ngati angamuthandize ali pakhomo kapena amutumize kuchipatala chachikulu cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Tenganinso amfumu, chifukwa mawu awo amalume angawamve msanga kuposa anu. Akakanabe, kupolisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndiponso bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo otere.

Ndiwonjezepo pang'ono, chifukwa ena amaganiza kuti munthu akalowa pageti la chipatala ufulu wake watsala kunja. Maganizo amenewa ali ndi kochokera. Kwa zaka zoposa 70 nkhanizi zinkayendera lamulo la Mental Treatment Act la 1948, lolembedwa ndi atsamunda tisanadzilamulire, pamene cholinga chachikulu chinali kuchotsa wodwalayo pakati pa anthu. Koma mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo panganolo limaphatikiza amene ali ndi vuto la maganizo la nthawi yaitali. Choncho mlongo wanu akagonekedwa, iyeyo ndi inu muli ndi ufulu wofunsa dzina la mankhwala, ntchito yake, zovuta zake, ndi tsiku limene adzaonedwenso ndi dokotala. Funsani, musaope yunifolomu.

Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Lilongwe:

"Ndagwira ntchito musitolo ina zaka zisanu ndi chimodzi popanda chenjezo ngakhale limodzi. Ndinadwala matenda a nkhawa, ndinagonekedwa milungu itatu. Nditabwerera ndi kalata ya dokotala, abwana anangoiyang'ana n'kunena kuti sangaike wamisala pakauntala ya ndalama. Anandipatsa malipiro a mwezi umodzi, basi. Ndili ndi ana atatu pasukulu."

Bambo, pepani kwambiri. Mawu amene anakunenaniwo ndi opweteka, ndipo mwa zimene mwalemba, mlandu muli nawo wogwirika. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi tchuthi chodwala chaka chilichonse: milungu inayi pamalipiro onse, milungu isanu ndi itatu patheka la malipiro, bola pakhale kalata ya dokotala. Inu munangotha itatu. Lamulo lomwelo limati pochotsa munthu ntchito pakhale chifukwa chomveka, ndipo apatsidwe mpata wodziyankhira. Ndime 20 ya malamulo oyendetsera dziko nayo imaletsa tsankho chifukwa cha ulumali kapena mmene munthu alili.

Sungani bwino kalata ya dokotala ija, buku lanu la kuchipatala, ndi mapepala a malipiro. Lembani tsiku ndi mawu enieni amene abwana ananena, ndi amene analipo. Pitani kuofesi ya leba msanga, chifukwa madandaulo a ntchito ali ndi nthawi yake. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita kubwalo la milandu ya zantchito, ndipo ngati mulibe ndalama za loya, gogodani ku Legal Aid Bureau.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wina wa ku Mzimba:

"Ndikapita kukatenga mankhwala, wogwira ntchito wina amakuwa pamzera kuti 'amisala bwerani uku'. Tsiku lina panali azakhali a chibwenzi changa. Ukwati uja unatha. Ndasiya kupitako."

Mwana wanga, chonde usasiye mankhwala chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi. Kuwasiya mwadzidzidzi kumabwezeretsa matenda. Matenda ako ndi chinsinsi chako, ndime 21 imateteza zimenezo, ndipo anthu a zaumoyo amaphunzitsidwa kusunga chinsinsi cha wodwala. Funsa ofesi ya ombudsman wa chipatalacho, amene amamva madandaulo a odwala, ukadandaule, ndipo upemphe kuti uzilandira mankhwala popanda kuitanidwa choncho. Kulinso bungwe la MeHUCA, la anthu amene akulandira chithandizo cha maganizo pamodzi ndi owasamalira. Kumeneko upeza anzako amene anadutsa momwemo, oti angakuperekeze.

Nthawi yatithera, omvera. Mayi a ku Dedza, mukabwerako kuchipatala mutilemberenso, tikufuna kumva za mlongo wanu ndi bala lija.