Galu Wothandiza Munthu Waulumali: Mmene Amaphunzirira Kumvera ndi Kudziwa Poima

[Pa kanema: galu wa mtundu wa Labrador akuyenda pambali pa njinga ya olumala m'kanjira kopapatiza ka m'sitolo.]

Tayang'anitsitsani galu uyu, owonera athu. Sakutsogola ndipo sakutsalira, komanso mapazi ake atalikirana pang'ono ndi gudumu kotero kuti njinga ikakhota mwadzidzidzi sangapondedwe. Anthu ambiri akamva za agalu othandiza anthu aulumali amaganizira ntchito zogometsa monga kutsegula chitseko kapena kutola makiyi amene agwa pansi, koma aphunzitsi amathera miyezi yambiri pa zimene mukuonazi, chifukwa galu wosadziwa poima angathe kupunthwitsa munthu yemwe akuyenera kumuthandizayo.

Sukulu yophunzitsa agalu otsogolera anthu osaona inatsegulidwa mu 1916 ku Oldenburg m'dziko la Germany, pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mu 1929 Dorothy Eustis ndi Morris Frank anakhazikitsa bungwe la The Seeing Eye ku America, ndipo mu 1975 Bonnie Bergin anayambitsa Canine Companions for Independence ku Santa Rosa, California, lothandiza anthu ovutika kuyenda. Apa ntchito inakula, pakuti galu anafunika tsopano kuzolowera magudumu, ndodo, ndi manja amene mwina sangagwire chingwe mwamphamvu.

Malamulo oyamba ndi omwe galu wapakhomo aliyense angaphunzire: khala, gona, dikira, bwera, siya. Kusiyana kwake n'kwakuti galu wothandiza ayenera kumvera atangouzidwa kamodzi, ngakhale pansi patagwa chakudya kapena galu wina akuuwa chapafupi. Bungwe la International Association of Assistance Dog Partners limati maphunziro asachepere maola 120 m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo maola 30 mwa amenewa akhale a m'malo opezeka anthu ambiri. Amenewa ndi malire a pansi chabe. Mabungwe ambiri amapereka galu kwa mwini wake atakwanitsa pafupifupi zaka ziwiri.

[Pa kanema: dzanja la mphunzitsi likuonetsedwa pafupi, likupereka kachakudya pambali pa bondo.]

Onani pamene kachakudyako kakuperekedwera. Mphunzitsi akaona kuti galu waima malo oyenera, amadina kachipangizo kolira kotchedwa clicker, kapena amanena liwu limodzi lalifupi, nthawi yomweyo, kenako n'kupereka mphotho. Akachedwa pang'ono, galu amakhala atasuntha kale ndipo amaganiza kuti akuyamikiridwa chifukwa cha kusunthako. Chimene ambiri ongoyamba kumene amalakwitsa ndi malo operekera mphothoyo. Galu amakonda kubwerera pamene analandirira chakudya, choncho mukamamupatsira kutsogolo kwanu, iye adzayamba kukudutsirani kumaso pamene mukuyenda. Mukamupatsira pambali pa bondo, mutu wake utayang'ana kutsogolo, thupi lonse limawongoka lokha popanda kukoka chingwe. Kwa munthu wa panjinga, dzanja lopereka mphotho litalikire kunja pang'ono, kuti galu azolowere mpata umene umateteza mapazi ake ku gudumu.

Pa mipikisano ya agalu mwambo ndi wakuti galu aziyenda kumanzere kwa munthu. Mwambo umenewu ulibe mphamvu pa galu wothandiza, ndipo mphunzitsi amene amauumirira asanaone thupi la mwini galuyo sanayambe ntchito yake. Munthu amene anafa ziwalo mbali imodzi, kapena amene amagwira ndodo kumanzere, kapenanso amene njinga yake yamagetsi ili ndi chowongolera mbali ina, ndiye amene amasonyeza mbali yoyenera. N'chifukwa chake galu amaphunzitsidwa mbali zonse ziwiri, iliyonse ndi liwu lakelake, kuwonjezera pa kuima kutsogolo atayang'ana mwini wake popereka chimene watola, kuyenda kumbuyo podutsa pakhomo lopapatiza, ndi kubwerera chammbuyo molunjika.

[Pa kanema: kagalu kaika miyendo yakutsogolo pa beseni lovundikira ndipo kakuzungulira ndi miyendo yakumbuyo.]

Zimenezi zikuoneka ngati masewera, koma ndi phunziro lofunika kwambiri. Agalu ambiri salabadira kumene miyendo yawo yakumbuyo ili. Mutu ukapita, thupi limangotsatira. Pa beseni ili miyendo yakutsogolo imakhala pamalo amodzi, ndipo mphunzitsi akasuntha phazi limodzi, kagaluko kamayenera kuponda cham'mbali ndi miyendo yakumbuyo kuti kakhalenso pambali pake. Pambuyo pake beseni limachotsedwa. Galu amene wadziwa luso limeneli amatha kutembenuka pamodzi ndi njinga m'chikepe chothinana osagunda munthu aliyense.

Lamulo lakuti galu alowe pansi pa tebulo kapena mpando limaphunzitsidwa chimodzimodzi, kuyambira pa tebulo lalikulu mpaka pa mpando wa m'basi, ndipo galu amazolowetsedwa kupinda mchira kuti usapondedwe kapena kupanidwa ndi chitseko. Nthawi yogona pamenepo imawonjezeredwa pang'onopang'ono, kuchokera pa masekondi ochepa kufika pa nthawi yonse imene mwini wake akudya.

Pa nkhani yoyedzamira galu poimirira pamafunika kusamala kwambiri. Mafupa a agalu akuluakulu amachedwa kukhwima, choncho galu sayenera kusenza kulemera kwa munthu asanakule mokwanira ndiponso dokotala wa ziweto asanaunike chiuno ndi mfundo za miyendo yake.

Palinso nthawi imene galu wophunzitsidwa bwino amayenera kukana lamulo. Munthu wosaona akauza galu kuti awoloke msewu pamene galimoto ikubwera, galuyo amaima ndithu mpaka ngozi itadutsa. Kukana kotereku kumaphunzitsidwa kumapeto, galu atazolowera kale kumvera, apo ayi sangasiyanitse kukana koteteza moyo ndi mwano wamba.

Gawo lomaliza ndi kusamutsa luso lonseli kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa mwini wake, ndipo mabungwe ambiri amawaphunzitsira limodzi kwa masabata angapo. Mawu a mwini galu angakhale otsika kapena osamveka bwino, ndiye malamulo ena amasinthidwa kukhala zizindikiro za dzanja kapena za mutu. Ngati zala zake sizingatole kachakudya m'thumba, amagwiritsa ntchito kachubu kofinya ka chakudya komangiriridwa pa njinga, mbali imene galu amayendera. Pa masiku oyambirira galu amayang'anabe mphunzitsi akamva lamulo, choncho mphunzitsiyo amaima patali, osalankhula, kufikira galuyo atayamba kutembenukira kwa mwini wake yekha.