Amayi, za makina oyezera matenda aja

Amayi, mwaswera bwanji? Achemwali, ikani foni pafupi amayi adzimvere okha, musachite kuwafotokozera. Mukamva phokoso ndi mabasi, ndangotuluka kumene kusukulu.

Nkhani ija ya bambo wina amene anabwera pamsika wa Chamama ndi kamakina kake yandisowetsa tulo. Akuti munangofumbata kachitsulo m'manja, kompyuta n'kutchula matenda asanu ndi limodzi, impso, chiwindi, magazi akuda, kenako akuti mugule mabotolo ake. Chandipweteka kwambiri n'choti munamukhulupirira poganiza kuti ndi zomwe ndimaphunzira ine kuno. Ayi amayi, si zimenezo. Ndalama ndinatumiza zija musam'patse.

Zathu zili chonchi. Mukukumbukira momwe malemu agogo ankamatira phula pakati pa ng'oma? Akangowonjezera kaphula pang'ono, ng'oma ija inkasintha kaliridwe, n'kuyamba kulira mokhuthala. Munthu wodziwa ankamva ali kutali kuti pachikopa paikidwa kanthu. Kachipangizo kathu kamagwira ntchito momwemo. Ndi kamwala ka quartz, kopyapyala, kochepa ngati chikhadabo. Tikakalowetsa magetsi kamanjenjemera, ndipo mafunde amathamanga pamwamba pake maulendo mamiliyoni pa sekondi imodzi, khutu silingamve. Mwala womwewu ndi umene uli mu wotchi ya batire ya amalume, m'menemo umagunda ka 32,768 pa sekondi. Khalidwe la mwalawu si lachilendo, anthu awiri apachibale, Pierre ndi Jacques Curie, analitulukira ku France mu 1880.

Tsono pamwamba pa kamwalako timapakapo ulimbo, tinene choncho, koma ulimbo wosankha, wogwira chinthu chimodzi chokha, monga chizindikiro cha kachirombo kamodzi. Tikadonthezapo magazi, ngati chinthucho chilimo chimakanirira, kamwala kamalemerako pang'ono, mafunde aja amachedwa. Kuchedwako ndiye kumene makina amawerenga n'kutumiza pafoni. Ofufuza a ku University College London anaonetsa mu 2017 kuti njira imeneyi itha kuzindikira zizindikiro za HIV m'magazi m'masekondi owerengeka.

Komatu amayi, ntchitoyi si yophweka. Magazi ali ndi zambiri, zina zimamatirira pamene sizikufunika n'kutinamiza. Kutentha nakonso kumasokoneza mafunde, ndiye timaika kanjira kachiwiri ka mafunde kopanda ulimbo pambali pake kuti tiziyerekeza. Sabata yatha ndinakhala tsiku lonse ndikubwereza kuyeza dontho limodzi chifukwa m'chipinda munafunda pang'ono. Ndinkangoganiza za dzuwa la Okutobala kwathuko, kuti kachipangizoka kadzapirira bwanji m'chikwama cha alangizi a zaumoyo pa njinga. N'chifukwa chake zambiri mwa izi zikadali m'manja mwa ofufuza, sizinafike pogulitsidwa pamsika pambali pa tomato.

Ndiye onani. Ifeyo pamafunika magazi, malovu kapena mkodzo zikhudze kamwalako, ndipo kamwala kalikonse kamakonzedwera chimene tikuchifunacho. Bambo uja anakutengani chiyani m'thupi? Palibe. Thukuta la m'manja silingauze munthu za impso zanu.

Koma kutentha thupi ndi mutu mukunenazo sindikuzipeputsa. Mawa m'mawa achemwali akuperekezeni kuchipatala, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala. Akubayeni chala ayeze malungo, kaja kotulutsa timizere, sipatha ndi theka la ola, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa. Muwapemphe akuyezeninso BP ndi shuga. Akakutumizani ku chipatala chachikulu ku Kasungu boma, pitani, za thiransipoti zichoke pa ndalama zomwezo. Akakupatsani LA mumalize yense, musasiyire panjira poti mwayamba kupeza bwino ngati chaka chatha.

Achemwali, mukatuluka mujambule tsamba limene adokotala alembapo munditumizire pa WhatsApp. Basi yanga yafika. Ndiimba mawa madzulo mukatha kudya.