Ng'oma ikazizira, pitani nayo kumoto

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye. Lero tili pa Masalimo 115:1, mawu aja timawadziwa tonse: kwa ife ayi, Yehova, kwa ife ayi, koma ulemerero ukhale kwa dzina lanu. Musanatuluke m'nyumba, gwirani mtima wanu monga woimba ng'oma amagwirira chikopa m'mamawa wa mu Juni. Ngati chazizira, pitani nacho kumoto, musayambe kuchimenya.

Ng'oma yanga sabata ino inazizira. Kwa masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikuphunzitsa kwaya yathu nyimbo imodzi, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, kuweruka kuntchito osadzera n'kunyumba komwe. Lamulungu nyimbo ija inaimbidwa bwino, amayi ena mpaka analuluta. Pa zolengeza anathokoza amene anagula yunifolomu, anathokozanso amene anabwereketsa sipika, koma ine ayi. Pakhomo la tchalitchi ndinkamwetulira ndi kupereka moni, koma nsima ya masana sinatsike. Lachiwiri sindinapite kukaphunzitsa. Ana a kwaya anadikira mpaka mdima.

Kwa agogo kumudzi ndinkaona zimenezi. Ng'oma ikagona pamame, chikopa chimalefuka, kulira kwake kumangoti bu bu. Mnyamata wosadziwa amawonjezera mphamvu mpaka manja kutupa. Wodziwa amasonkha kamoto ka udzu, n'kuiwamba pang'onopang'ono, uku akuigogoda ndi chala, khutu lili tcheru, kufikira mawu ake abwerere.

Usiku wa Lachitatu ndinakumbukira Johann Sebastian Bach, woimba limba wa ku Germany, wobadwa mu 1685 ku Eisenach. Asanakwanitse zaka khumi anali atataya mayi ndi bambo omwe, ndipo anamulera ndi kumuphunzitsa kuimba ndi mkulu wake ku Ohrdruf. Mu 1705, ali ndi zaka 20, anayenda wapansi makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Arnstadt kupita ku Lübeck, kungofuna kukamva mkulu wina, Dieterich Buxtehude, akuimba limba. Anapempha tchuthi cha masabata anayi, koma anakakhalako miyezi pafupifupi inayi. Ndi mmene munthu amafunira moto akadziwa kuti wazizidwa.

Chimene chinandilasa mtima n'cha mu 1723. Akuluakulu a mzinda wa Leipzig ankafuna mphunzitsi wa nyimbo pa tchalitchi cha St Thomas. Anayamba ndi wopeka nyimbo wina, Telemann, sizinatheke. Anapita kwa winanso, Graupner, abwana ake anamukaniza. Apo m'pamene anatenga Bach. Iye anagwira ntchitoyo zaka 27, mpaka imfa yake mu 1750, ndipo m'zaka zoyambirira ankapeka nyimbo yatsopano pafupifupi Lamulungu lililonse, n'kuphunzitsa anyamata a pasukulu. Pamwamba pa mapepala ambiri a nyimbo zake ankalemba zilembo ziwiri, J.J., m'Chilatini kutanthauza kuti Yesu thandizani. Pothera ankalemba S.D.G., ulemerero kwa Mulungu yekha. M'Baibulo lake, pambali pa 2 Mbiri 5:13, pomwe oimba ndi oliza malipenga anamveka ngati mawu amodzi, analemba ndi dzanja lake kuti pamene pali nyimbo yopembedza, Mulungu amakhalapo nthawi zonse ndi chisomo chake.

Munthu ameneyu mu 1720 anabwera kuulendo n'kupeza mkazi wake ataikidwa kale m'manda. Mwa ana ake 20, khumi anamwalira adakali aang'ono. Mame anamugwera ndithu. Koma akayamba tsamba latsopano ankayamba ndi kupita kumoto: Yesu thandizani.

Ine ndinaphunzitsa masabata asanu ndi limodzi osanena mawu amenewo ngakhale kamodzi. Ndinkangomenya. Ndipo pothera pa tsamba langa ndinali nditasiya malo oti alembepo dzina langa.

Mlongo wanga, inu amene mumasesa m'tchalitchi Loweruka anthu osakuonani. Achimwene, inu amene mumanyamula mabenchi ndi kuliza kiyibodi koma "zikomo" amapita kwa ena, ndikudziwa mmene zimawawira, ndipo sindikunena kuti kusayamika n'kwabwino. Koma musakhale kunyumba ngati mmene ndinachitira ine. Ng'oma yokwiya ikabisala kuseri kwa nkhokwe imangowonjezera kuzizira, kenako chiswe chimaipeza. Musaimenyenso mwaukali kuti anthu adziwe kuti mulipo, paja akuluakulu amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Pitani nayo kumoto m'mawa uno, mugwade, muisiye m'manja mwa Mwini wake aigogode yekha ndi chala.

Lero ndi Lachinayi. Kope langa la nyimbo lili patebulo pano, ndipo pamwamba pa tsamba la nyimbo yotsatira ndalembapo ndi pensulo kuti "Yesu thandizani". Madzulo ano 5 koloko ndikayamba ndi kupepesa kwa ana aja anadikira mpaka mdima. Mundipempherere.